Timagetsi ta Khirisimasi: kodi chimathamanga pa chingwepo n'chiyani?

Disembala akangolowa, makonde a magolosale, mabala ndi matchalitchi ena kuno ku Marka amayamba kuphethira madzulo. Timagetsito ena amakatigula ku Limbe, ena amabwera nato kuchokera ku Mozambique pongowoloka malire apawa, ena amangofukula tomwe anasunga m'katoni chaka chatha. Ukaima patali umachita kuona kuwala kukuthamanga pa chingwe, kuchoka uku kupita uko, mwina n'kubwereranso. Chaka chilichonse a Fomu 3 amandifunsa funso lomwelomweli: "Aphunzitsi, chimene chimathamangacho ndi karenti?"

Iyayi. Palibe chimene chikuthamanga pamenepo. Babu lililonse lili pomwe analimangirira kufakitale, ndipo limadziwa zinthu ziwiri basi, kuyaka ndi kuzima. Kuthamangako kukuchitikira m'mutu mwanu.

Kayeseni ndi anzanu 12 pabwalo. Imani pamzere, muwerengane kuti wani, thuu, filii, wani, thuu, filii, mpaka kumapeto. Wina aziwomba m'manja. Akawomba koyamba, a wani okha akweze dzanja. Kachiwiri, a wani atsitse, a thuu akweze. Kachitatu a filii, kenako n'kuyambiranso. Palibe amene wasuntha phazi, koma woonera patali alumbira kuti manja akuyenda kulowera kumanja. Ubongo wathu ukaona chinthu chazima apa, n'kuyaka china pafupi pomwepo nthawi yomweyo, umangogamula kuti ndi chinthu chimodzi chimene chasuntha. Katswiri wina wa ku Germany, Max Wertheimer, analemba za chinyengo cha maso chimenechi mu 1912, ndipo kanema amene mumaonera pafoni amadalira chomwechi.

Onani kuti ndanena magulu atatu, osati awiri. Magulu akakhala awiri, diso silingadziwe ngati kuwala kwalumphira kumanja kapena kumanzere, chifukwa babu loyandikana nalo mbali zonse ziwiri ndi la gulu lomwelo. Zimangooneka ngati kuphethira. Kuti kuwala kukhale ndi kolowera, pamafunika magulu atatu kapena kuposerapo. Mukasintha ndondomeko kukhala filii, thuu, wani, kuwala kumabwerera m'mbuyo.

Zimene zili m'kabokosi

Pafupi ndi pulagi pamakhala kabokosi kakang'ono kokhala ndi batani limodzi. Ameneyo ndiye wowomba m'manja uja. Musanakatsegule, ndipo sindikuti mukatsegule, werengani mawaya amene akutuluka kupita ku mababu. Mukapeza asanu, ndiye kuti magulu alipo anayi, ndipo waya wachisanuyo ndi wobwererapo karenti wa magulu onse. Mkatimo muli kachipangizo kowerenga nthawi ndi maswitchi anayi amene alibe chosuntha chilichonse, ma thyristor kapena ma transistor. Kachipangizoko kamangouza switchi iliyonse nthawi yotsegula ndi yotseka. Mukadina batani mumangosintha ndondomekoyo.

Pali zingwe zina zimene zimatuluka ndi mawaya awiri okha, koma magulu awiri n'kumasinthana bwinobwino. Izi zimandisangalatsa chifukwa ndi phunziro lathu la diode lenilenilo. LED ndi diode, imalola karenti kudutsa mbali imodzi yokha. Ndiye opanga amalumikiza theka la ma LED choyang'ana uku, theka lina choyang'ana uko. Kabokosi kakatumiza karenti mbali iyi, gulu loyamba limayaka, lachiwiri n'kukana. Kakatembenuza positivi ndi negativi, zimasinthana. Nanga akafuna kuti onse ayake pamodzi? Kamangotembenuza mofulumira kwambiri moti diso silitha kutsatira.

Kuzirala pang'onopang'ono kuja nakonso ndi chinyengo. Kabokosi sikachepetsa volteji ngati mmene mumachepetsera madzi pampopi. Kamayatsa ndi kuzimitsa nthawi zambirimbiri pa sekondi imodzi. Babu likamayaka nthawi yaitali n'kuzima pang'ono, timaliona lowala kwambiri. Likamayaka pang'ono n'kuzima nthawi yaitali, timaliona lozirala. Njira imeneyi amaitcha PWM. Umboni wake ngwosavuta: mumdima, gwedezani mutu mofulumira mukuyang'ana babu lozirala, kapena yendetsani kamera ya foni. M'malo mwa mzere umodzi wa kuwala muona timizere todukaduka.

Chifukwa chimene sindifuna chingwe cha 230 V pakhonde

Tsopano tibwere ku series ndi parallel, zomwe mumazidana nazo pa mayeso zija. Munthu woyamba kukongoletsa mtengo wa Khirisimasi ndi magetsi anali Edward Johnson, mnzake wa Thomas Edison, ku New York mu 1882, ndipo anali ndi mababu 80 okha. Pamene zingwe zotere zinadzafala, opanga anapeza njira yotchipa: kulumikiza timababu tating'ono mu series kuti tigawane volteji ya m'nyumba. Mababu 20 a 12 V lililonse amakwana 240 V ndendende, osafuna transifoma. Zingwe zambiri zotchipa za masiku ano zikutsatirabe nzeru yomweyo. Magetsi a ESCOM, a 230 V, amadutsa pa ma diode anayi kuti asanduke DC, kenako n'kulowa mu mzere wautali wa ma LED olumikizidwa mu series. N'chifukwa chake LED imodzi ikaduka, chigawo chonse chimathima pomwe china chikuyakabe.

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. LED iliyonse pa mzerewo imatenga 2 V kapena 3 V yokha, ndipo ambiri amaganiza kuti kachingwe kowonda choncho sikangaphe munthu. Koma LED imodzi ikaduka, karenti imaima. Karenti ikakhala ziro, V = IR ikutiuza kuti pa zida zina zonse za mzerewo palibe volteji imene ikutayika. Ndiye volteji yonseyo yapita kuti? Ili pamalo odukawo, pomwe zala zanu zikufufuza kuti mukonze. Komanso 230 V imene timanenayi ndi mlingo wa pakatikati wa AC. Pansonga pa funde lililonse imafika pafupifupi 325 V.

Werengani nokha. Khungu louma limatchinga ndithu, koma thupi la munthu wonyowa ndi mvula kapena thukuta, ataima chosavala nsapato pa dothi lonyowa, likhoza kukhala ndi resistance ya pafupifupi 1,000 Ω. I = V/R, ndiye 230 kugawa ndi 1,000 tikupeza 0.23 A, kapena 230 mA. Zida zotetezera anthu zimene amaika m'nyumba zomangidwa bwino zimadula magetsi karenti yothawa ikangofika 30 mA, chifukwa kupitirira pamenepo mtima uli pangozi. Ndiye 230 mA ndi kuchulukitsa mlingo umenewo kasanu n'kawiri ndi kupitirira.

Ku London kapena ku New York Khirisimasi imapeza anthu atavala majekete ndi nsapato zochindikala. Kuno imatipeza m'dzinja, mvula ikugwa, kutentha kwa Chigwa cha Shire kukutitulutsa thukuta ngakhale usiku, ana akusewera pakhonde mapazi ali pansi. Chingwe chimamangidwa pa msomali wa malata kapena kukulungidwa pa chitsulo cha khonde. Dzuwa lathuli limaumitsa pulasitiki wokutira waya mpaka kung'aluka, m'mphepete mwa lata n'kumalizitsa. Waya akakhudza lata, denga lonse lalowa mu seketi.

Palinso vuto lina la ife a m'malire. Masoketi a ku Malawi ndi a mabowo atatu a makona, ndipo pulagi yake imakhala ndi fyuzi mkati. Katundu wambiri wochokera ku Mozambique amabwera ndi pulagi ya mano awiri obulungira, yopanda fyuzi. Ndiye anthu amatenga kamtengo n'kukankha chotsekera cha soketi, kapena amadula pulagi n'kulowetsa mawaya osakutira, n'kutsekera ndi timitengo ta machesi. Ndaziona kambirimbiri, ndipo ochita zimenezi si ana ayi. Ngati kwanu kuli chingwe chotere, chiikireni pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya 3 A, chikhale m'nyumba, pamalo pamene mwana sangafike. Chikathima chigawo, zulani pulagi kaye musanagwire chilichonse.

Si zingwe zonse za pasoketi zimene zili choncho. Zina zili ndi adaputa yolemererapo pa pulagi, yolembedwa kuti imatulutsa 5 V, 24 V kapena 31 V. Zimenezo waya wake wopita ku mababu alibe volteji yoopsa, bola adaputayo ikhale m'nyumba mouma. Yang'ananinso zilembo za IP pa paketi. IP20 ndi ya m'nyumba basi. IP44 imapirira madzi owazika. IP65 imapirira fumbi ndi madzi opopera. Paketi ikakhala chete pa nkhaniyi, itengeni ngati ya m'nyumba.

Kupanga zanuzanu ndi batire la sola

Maganizo anga ndi akuti kunja kwa nyumba, kuno kwathu, timagetsi tizikhala ta 12 V. Makomo ambiri ali kale ndi sola ndi batire lotchajira mafoni. Ubwino wina ngwakuti magetsi akathima, zanu zimayakabe. Amene munalipo mu Januwale 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa Shire pompano ku Chikwawa, mukukumbukira kuti dziko linataya pafupifupi 130 MW ndipo mdima unatenga miyezi.

Tiyambe ndi nthambi imodzi. LED yofiira imafuna pafupifupi 2 V, yobiriwira ngati thambo kapena yoyera pafupifupi 3 V, ndipo timeneti tating'ono sitifuna karenti yopitirira 20 mA. LED ilibe mwambo. Mukailumikiza molunjika ku batire imameza karenti yonse imene ingapeze, n'kupsa nthawi yomweyo. Rezisita ndiye amaiweta. Tengani ma LED oyera atatu mu series: 3 + 3 + 3 ndi 9 V. Pa 12 V patsala 3 V, ndipo imeneyo iyenera kugwera pa rezisita. R = V/I, ndiye 3 kugawa ndi 0.02 tikupeza 150 Ω. Mukayang'anitsitsa malamba a ma LED a 12 V amene amagulitsa m'masitolo aja, muona kuti pakatha ma LED atatu pali karezisita ndi chizindikiro cha sizasi. Nthambi iliyonse ndi samu yomwe tawerengayi, ndipo nthambi zonse zalumikizidwa mu parallel. N'chifukwa chake mukhoza kudula lambayo pa chizindikirocho n'kumayakabe.

Kwa ofiira atatu, 2 + 2 + 2 ndi 6 V, patsala 6 V, rezisita ndi 300 Ω. Imene mungaipeze mosavuta ndi 330 Ω. Ine ndimakonda kukwezako pang'ono, 220 Ω kwa oyera ndi 470 Ω kwa ofiira, pa zifukwa ziwiri. Batire la 12 V silikhala pa 12 ndendende: likadzaza limakhala cha m'ma 12.6 V, ndipo sola ikamatchaja limakwera mpaka kudutsa 14 V. Chachiwiri, LED ikatentha imayamba kukoka karenti yambiri, ndipo kuno kutentha sitichita kupempha. Pa 12 mA imawalabe mokwanira usiku.

Nthambi iliyonse ikhale ndi rezisita yakeyake. Musaumire.

Mukapanga nthambi zanu, zigaweni m'magulu atatu, muziyale pa nsungwi kapena pa chingwe cha pulasitiki mwa ndondomeko ya wani, thuu, filii ija. Mbali ya positivi ya nthambi zonse ipite pa waya mmodzi. Mbali ya negativi ya gulu lililonse ikhale ndi waya wake. Mawaya onse pamodzi akhala anayi.

Tsono wowomba m'manja timutenga kuti? Njira yachidule ndi flasher ya ma indiketa a njinga yamoto, yomwe amakanika a kabaza amakhala nayo. Imagwira ntchito pa 12 V, koma imangoyatsa ndi kuzimitsa, kuwala sikuthamanga, ndipo zina zimakana kuphethira pokhapokha mutalumikizanso babu lenileni la indiketa. Njira imene ndimaikonda ndi ya tizipangizo tiwiri totchipa, 555 ndi 4017.

555 anaipanga Hans Camenzind ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1972, koma mpaka lero idakali pamsika. Ili ndi miyendo 8. Mwendo 8 ndi mwendo 4 ipite ku positivi, mwendo 1 ku negativi. Rezisita yoyamba, R1, ikhale pakati pa positivi ndi mwendo 7. Yachiwiri, R2, pakati pa mwendo 7 ndi mwendo 6. Lumikizani mwendo 6 ndi mwendo 2, kenako kapasita ichoke pamenepo kupita ku negativi. Chimene chimachitika n'chakuti kapasita imadzaza kudzera mu R1 ndi R2. Ikafika magawo awiri mwa atatu a volteji ya batire, 555 imaikhuthula kudzera mu R2. Ikatsika kufika gawo limodzi mwa atatu, imayambanso kudzaza. Zili ngati ndowa imene ikadzaza pena pake imapendekeka yokha n'kubwerera. Kudzaza ndi kukhuthula kumeneku kumatulukira pa mwendo 3 ngati kugunda kwa mtima. Kuchuluka kwa kugundako pa sekondi ndi f = 1.44 ÷ [(R1 + 2R2) × C]. Titenge R1 ya 10 kΩ, R2 ya 10 kΩ ndi C ya 10 µF. R1 + 2R2 ndi 30,000 Ω, kuchulukitsa ndi 0.00001 F tikupeza 0.3, ndipo 1.44 kugawa ndi 0.3 ndi 4.8. Kugunda pafupifupi kasanu pa sekondi, liwiro labwino ndithu kwa diso. Mukaika pa R2 rezisita yopotokola ngati ya voliyumu ya wailesi, motsatana ndi ina ya 1 kΩ, muzisintha liwiro mmene mukufunira. Chinyengo chija chilinso ndi malire ake. Mukachedwetsa kwambiri, diso limaona mababu akuyaka payekhapayekha. Mukafulumizitsa kwambiri, onse amangooneka oyaka.

4017 ndi yowerenga. Ili ndi miyendo 16, ndipo khumi mwa imeneyo ndi zitseko zimene zimatseguka chimodzichimodzi motsatana. Mwendo 16 upite ku positivi, mwendo 8 ndi 13 ku negativi. Kugunda kochokera pa mwendo 3 wa 555 kulowe pa mwendo 14. Zitseko zitatu zoyamba zili pa miyendo 3, 2 ndi 4, mwa ndondomeko imeneyo. Chachinayi chili pa mwendo 7, ndipo ife sitikuchifuna, ndiye chilumikizeni ku mwendo 15, umene umabwezera kuwerenga poyambira. 4017 ikangoti iwerenge folo, yadzibweza yokha pa wani.

Zitseko zimenezi mphamvu zake n'zochepa, sizingayatse gulu lonse. Ntchito yake ndi kulamula transistor. Pa gulu laling'ono la nthambi zinayi kapena zisanu, BC547 ikwana: rezisita ya 4.7 kΩ kuchoka pa chitseko kupita ku base, emitter ku negativi, collector ku waya wa gulu. BC547 malire ake ndi 100 mA. Ngati mukuyendetsa malamba aatali, gwiritsani ntchito MOSFET ngati IRFZ44N, imene imanyamula ma ampere angapo osadandaula. Marezisita, makapasita ndi ma transistor mungawapeze kwa okonza mawailesi kapena kuchotsa pa wailesi yakufa. Ma 555 ndi 4017 kawirikawiri amafuna kutumiza munthu wopita ku Blantyre.

Kunja kuno anzathu anafika kale patali. Kuli ma LED ngati WS2812B amene lililonse lili ndi kachipangizo kake mkati. Kakompyuta kakang'ono ngati Arduino kamatumiza uthenga pa waya mmodzi, LED yoyamba n'kutengapo gawo lake la mtundu ndi kawalidwe, n'kupatsira otsalawo kwa yotsatira. Ndi mmene amapangira nyumba zovina motsatira nyimbo zimene mumaona pa YouTube zija. Mfundo yake ndi yomweyi, kungoti babu lililonse lasanduka gulu palokha.

Batire lidzapirira? Funso limeneli ndi limene bambo kapena mayi adzakufunseni, chifukwa batire lomwelo ndi lotchajira mafoni. Lamba wamba wa mamita 5 amadya pafupifupi 24 W. Pa 12 V imeneyo ndi 2 A. Kuyatsa maola 5, kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 11 koloko, ndi 120 Wh. Batire la 50 Ah limasunga 12 × 50, yomwe ndi 600 Wh, koma batire la asidi silifuna kukhuthulidwa kupitirira theka, ndiye zanu zenizeni ndi 300 Wh. Mwaona kuti timagetsi tokha tadya gawo lalikulu, ndipo m'dzinja muno mitambo imabera sola masiku ena. Tsono lamba yemweyo mukamudula n'kumugawa m'magulu atatu othamanga, nthawi iliyonse gulu limodzi lokha ndi limene likuyaka. 24 W yatsika kufika 8 W, ndipo usiku wonse mwadya 40 Wh basi. Magetsi othamanga amadya pang'ono kuposa ongoyaka.

Chimene chimagwetsa ambiri pa 12 V ndi waya. Batire lili kuchipinda, khonde lili mamita 20 kuchokera pamenepo, munthu n'kutenga kawaya kowonda ka sipika. Waya wa kopa wa 0.5 mm² ali ndi pafupifupi 0.035 Ω pa mita iliyonse. Karenti imapita ndi kubwera, ndiye mamita ndi 40, resistance ndi 1.4 Ω. Pa 2 A mwataya 2.8 V m'njira. Pa 230 V kutaya 2.8 V palibe amene angazindikire, koma pa 12 V ma LED oyera aja amene amafuna 9 V atsala ndi tinyenyeswa, ndipo aziwala ngati ziphaniphani zodwala. Waya wa 2.5 mm² pa mtunda womwewo amataya pafupifupi 0.6 V yokha. Ngati waya wonenepa wadula mtengo, sendezani batire kufupi.

Musaganize kuti poti 12 V sigwira munthu ndiye kuti ilibe ngozi. Batire la asidi likachita shoti limatha kutulutsa ma ampere mazanamazana. Waya amafiira m'masekondi ochepa, pulasitiki n'kuyaka, ndipo ngati wadutsa pansi pa denga la udzu, nkhani yake mukuidziwa. Ikani fyuzi ya galimoto ya 3 A kapena 5 A pa waya wa positivi, pafupi penipeni ndi batire, osati kumapeto kwa chingwe. Fyuzi imateteza waya amene ali kutsogolo kwake kokha.

Za madzi, kaseketi kanu kaikeni m'botolo la pulasitiki lodulidwa, kukamwa kuyang'ane pansi, pamthunzi. Musatseke ndithithi, chifukwa chinyezi chikalowa chimasowa potulukira. Waya aliyense asanalowe m'botolo kapena pawindo, ayambe watsika pang'ono n'kukweranso, kuti madontho oyenda pa wayayo azigwera pansi pa khotolo. Polumikiza mawaya pakhale pomatidwa ndi sodala ndi kukutidwa bwino, ndipo malo olumikiza a positivi ndi a negativi asakhale moyang'anizana, atalikirane masentimita angapo. Kukayamba ziphaliwali, chotsani waya ku batire.

A Fomu 4, nayi ntchito ya patchuthi. Muli ndi ma LED ofiira 36, mukufuna magulu anayi m'malo mwa atatu, nthambi iliyonse ya ma LED atatu ndi rezisita ya 470 Ω, batire lili pa 12.6 V. Pezani karenti ya nthambi imodzi ndi ya gulu limodzi, munene ngati BC547 ikwana, ndiponso muwerenge kuti kuwala kuzitenga masekondi angati kuzungulira magulu onse anayi ndi 555 tinawerenga ija. Chitseko chachisanu cha 4017 chili pa mwendo 10. Muganize nokha kuti waya wa ku mwendo 15 asamukira kuti.